Moto wa pamafuwa ndi moto wa pamsewu: kodi mawu akafanana ndiye kuti ndi apachibale?

Bambo Kachingwe, Area 25:
Akuluakulu ndi anzanga nonse a pa gulu lino, ndabwera ndi funso limene ndikupempha odziwa za zilankhulo kuti atithandize. Ife timati njinga yamoto, ndipo ngakhale mwana amamva kuti ndi njinga yoyenda ndi moto, mosiyana ndi yakapalasa imene imadalira miyendo ya mwini wake. Koma abale athu ochokera ku Congo, ku Rwanda ndi ku Burundi amene akukhala mumzinda muno, akafuna kabaza pa depoti kapena kwa Nsungwi, amangoti akufuna "moto", ndipo amanena kuti liwu limeneli ndi la Chifalansa. Kodi Afalansa analitenga kwa ife, kapena ndife tinalitenga kwa iwo? Ine sindikuona kuti chinthu chimodzi chingakhale ndi dzina limodzi m'zilankhulo ziwiri popanda wina kubwereka kwa mnzake.

Mayi Naphiri, Likuni:
Zikomo a Kachingwe. Palibe amene anabwereka kwa mnzake, chifukwa awa ndi mawu awiri obadwira kosiyana amene angokumana pa chinthu chimodzi. Moto wathu ndi wakalekale, ndipo ndi wapachibale ndi mneni wakuti kuotha, pakuti moto ndi chinthu chimene anthu amaotha. Mukapita kwa Atumbuka, kwa Ayao, kwa Ashona a ku Zimbabwe ngakhalenso kwa Aswahili a m'mbali mwa nyanja ya mchere, mukaupeza ndi tanthauzo lomweli, ndipo Aswahili amati "kuota moto" monga momwe ife timanenera kuti kuotha moto. Liwu lofalikira chotere silinadikire kubwera kwa njinga, pakuti njinga yoyamba yoyendera petulo inapangidwa ndi Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach ku Germany mu 1885, pamene makolo athu anali ataotha kale moto kwa mibadwo yosawerengeka. Moto wa Afalansa ndi chidule chabe cha dzina lalitali lakuti "motocyclette", ndipo mbali yake yoyambayo muzu wake ndi mneni wa Chilatini wakuti "movere", kutanthauza kusuntha. Wawo ukunena za kuyenda, wathu ukunena za kutentha.

Lemani, Mchesi:
Amayi, zimene mwanenazi ndinaziona pamene ndinkagwira ntchito ku Johannesburg. Azulu galimoto amaitcha "imoto", koma moto wophikira amautcha "umlilo", moti Mmalawi wongofika kumene akamva wina akumuchenjeza za imoto amayamba kufunafuna utsi pamene anayenera kuyang'ana kumsewu. Komabe mneni uja ali nawo, chifukwa nthawi yozizira amati "ukotha umlilo". Choncho imoto yawo inachokera ku Chingerezi, ndipo m'bale wake ndi moto wa Afalansa uja, osati wathu.

Bambo Kachingwe, Area 25:
Ndamva, koma nanga galimoto tiyiike mbali iti? Moto umene uli kumapeto kwa dzina limeneli ndi wathu kapena ndi wa Azungu?

Mayi Naphiri, Likuni:
Mbali yoyamba ya galimoto ndi yosavuta. Inachokera ku liwu la Chiswahili lakuti "gari", limene Aswahilinso analilandira kwa amalonda a ku India, kumene limatanthauza ngolo kapena chilichonse chokwera cha mateyala. Mbali yachiwiriyo anthu amaifotokoza pawiri: ena amati ndi ngolo ya moto, monga momwe Aswahili amatchulira sitima ya pamtunda kuti "gari la moshi", ndiko kuti ngolo ya utsi, pamene ena amati ndi liwu la Chingerezi lakuti "motor", lonena za injini. Maganizo anga ndi akuti ziwirizi zinathandizana. Munthu woyamba kuona galimoto anaona utsi ukutuluka kumbuyo, anagwira pamwamba pa injini napsa dzanja, ndipo atamva mwini wake akutchula liwu lomveka ngati moto, khutu lake silinaone chachilendo. Liwu lobwera likapeza la eni nthaka lofanana nalo pa kamvekedwe komanso loyandikana nalo pa tanthauzo, limakhazikika msanga, ndipo pakapita zaka anthu satha kulekanitsanso kuti mlendo ndi uti.

Abusa Mbewe, Kawale:
Mumpingo mwathu muli mabanja olankhula Chilingala, ndipo anandifotokozera kuti kwawo "moto" akhoza kutanthauza munthu, akhoza kutanthauza mutu, akhozanso kutanthauza moto womwewu, malinga ndi pamene wolankhulayo wakwezera mawu. Ngati Chilingala ndi chapachibale ndi Chichewa, monga timamvera, zinatheka bwanji kuti moto usanduke munthu?

Tiyamike, Area 49:
Abusa, moto sunasanduke munthu ayi. Mawu atatu amenewo aliyense ali ndi m'bale wake m'Chichewa, koma abalewo ndi osiyana. Woyamba ndi m'bale wa liwu lathu lakuti munthu, ndipo umboni umaonekera pochulukitsa: iwo amati "bato", ife timati anthu, Asotho amati "motho" ndi "batho", Azulu amati "umuntu" ndi "abantu". Wachiwiri ndi m'bale wa mutu, ndipo wachitatu yekhayo ndiye m'bale wa moto wathu. Pa zaka zambirimbiri mawu atatuwa anaperepeseka pakamwa pa anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Congo mpaka anafika polembedwa mofanana, ngakhale eni ake powatchula amawasiyanitsabe.

Chimene tinaphunzira ku Zomba ndi chakuti ubale wa zilankhulo sudziwika poona mawu awiri ofanana ndendende. Umadziwika pamene kusiyana komweko kukubwerezedwa mwadongosolo m'mawu ambiri. Pamene ife tili ndi nth, Ayao ali ndi nd, Ashona ali ndi nh, ndipo Aswahili ali ndi t yekha: munthu, mundu, munhu, mtu; chinthu, chindu, chinhu, kitu. Aswahili anatayanso l m'mawu ochuluka amene ife tinamusunga, n'chifukwa chake njala yathu kwa iwo ndi "njaa", mvula ndi "mvua", njira ndi "njia", kulira ndi "kulia". Lamulo lomweli likutiuzanso chifukwa chimene "kuota" kumene Mayi Naphiri atchula kumatanthauzanso kulota m'Chiswahili: l atagwa, aneni awiri amene ife sitingawasokoneze anayamba kumveka chimodzimodzi. Ntchito yosanthula imeneyi inayamba kale. Wilhelm Bleek ndiye anafalitsa dzina lakuti Bantu m'buku lake la 1862, Carl Meinhof mu 1899 anayesa kuonetsa mmene mawu a chilankhulo cha makolo a zonsezi ankamvekera, ndipo Malcolm Guthrie pakati pa 1967 ndi 1971 anatulutsa mabuku anayi ofananitsa zilankhulozi. Mu dongosolo lake Chichewa chili pa nambala N31, Chitumbuka pa N21, Chiyao pa P21.

Bambo Msiska, Area 18:
Mwana wanga Tiyamike wafotokoza bwino, koma pali mawu ena amene akundivuta kuwaika pa dongosolo limenelo. Kwathu ku Rumphi adada ndi abambo. Mukangowoloka Songwe, m'Chiswahili "dada" ndi mlongo wamkazi. Amwenye olankhula Chihindi amati "dada" ndi agogo aamuna obereka bambo, pamene olankhula Chibengali amati ndi mkulu wako wamwamuna. Matanthauzo ndi osiyana, koma onse akuzungulira pa banja. Zimenezi sizingakhale zongochitika, chifukwa zikanakhala choncho kwina dada akanakhala khasu kapena mphika.

Mayi Naphiri, Likuni:
A Msiska mwanena zoona kuti si zongochitika, koma chifukwa chake chili pakamwa pa khanda, osati pa ubale wa mitundu. Khanda lililonse, la ku Rumphi ngakhale la ku Kolkata, limayamba ndi maphatikizo osavuta amene amangofuna milomo kapena nsonga ya lilime: ma, ba, pa, ta, da. Ilo silikutanthauza kanthu, koma akuluakulu amene aliyangata amamva ngati likuwaitana, ndipo aliyense amathamangira kunena kuti latchula ine. Mtundu uliwonse unagawa maphatikizo amenewa mwa njira yake. Ku Georgia, dziko la kumapiri a Caucasus, "mama" ndi bambo ndipo "deda" ndi mayi. Axhosa bambo amati "utata", ife timati atate kapena ababa. Katswiri wotchedwa Roman Jakobson analemba za nkhani imeneyi mu 1960, ndipo chifukwa cha ichi osanthula zilankhulo sadalira mawu oterewa pofufuza ubale, popeza amabadwa mwatsopano m'nyumba iliyonse imene muli mwana. Ndiwonjezere kuti kunja kwa banja liwuli liliponso, chifukwa kwa Azulu "idada" ndi bakha.

Gogo Kamwendo, Chinsapo:
Ana anga, ndawerenga zonse ndipo ndikuyamika nzeru zanu, koma mundilole nditsutse. Pa sukulu ina ya sekondale ndinagwira ntchito ndi mphunzitsi wa masamu wochokera ku Japan, ndipo tikakhala pansi masana tinkalemba mawu athu ndi awo pa pepala limodzi. Mizu kwa iye anali madzi. Mame zinali nyemba. Uta inali nyimbo. Moto analinso nawo, ndipo anati ndi tsinde kapena chiyambi cha chinthu, monga m'dzina lakuti Yamamoto, limene limanena za tsinde la phiri. Ajapani si makanda, ndipo sanabwereke kwa Afalansa. Ine ndimakhulupirira zimene zinalembedwa pa Genesis 11, kuti dziko lonse linali ndi chilankhulo chimodzi, ndipo mawu amenewa ndi zotsalira zake zimene matanthauzo ake anasokonezedwa pa Babele.

Abusa Mbewe, Kawale:
Agogo, lemba limenelo ndimalilemekeza monga inu, koma silikutiuza kuti mawu akuti ndi akuti ndiwo anatsala. Ndikuganiza kuti tikhoza kusunga chikhulupiriro chathu n'kumvetserabe zimene ofufuza apeza pa mawu amene mwatchulawa.

Tiyamike, Area 49:
Agogo, mndandanda wanuwo ndi wamtengo wapatali, ndipo ndikupempha kuti tiuyang'ane modekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mizu yathu ndi mawu a zigawo ziwiri: "mi" ndi wochulukitsa, ndipo umodzi timati muzu, monga mudzi ndi midzi. Mizu ya Ajapani sigawika choncho, ndipo madzi awo sakhala "muzu" akachepa. Ndiye kuti chimene chikufanana pa pepala ndi tsinde lathu litavala wochulukitsa, poliyerekeza ndi liwu lawo lathunthu.

Nanga n'chifukwa chiyani zofanana zikuchuluka chonchi ndi Chijapani kuposa ndi Chijeremani? Chijapani chili ndi malembo a liwu asanu monga ife, a, e, i, o, u, ndipo maphatikizo ake ambiri amathera pa lembo la liwu monganso athu. Tiyerekeze kuti zilankhulo ziwiri zili ndi malembo opanda liwu 15 ofanana. Tikawaphatikiza ndi asanu aja tipeza maphatikizo 75, ndipo mawu a maphatikizo awiri amene angapangidwe ndi 5,625 okha. Chilankhulo chilichonse chimafuna mawu masauzande ambiri, choncho mitundu iwiri ikamatola m'nkhokwe yaing'ono chotere, kugundana n'kosapeweka. Chikanatidabwitsa n'chakuti pasapezeke ngakhale liwu limodzi lofanana. Pa dziko lonse pali zilankhulo zoposa 7,000, ndipo nthawi zina kugundanako kumafika ndi pa tanthauzo pomwe. Chilankhulo cha Mbabaram cha ku Queensland m'dziko la Australia, chimene R. M. W. Dixon anachilemba kuchokera kwa omaliza kuchilankhula, chinkatcha galu kuti "dog" ndendende ngati Angerezi, koma ofufuza anaonetsa kuti liwulo linachokera ku liwu lakale la komweko lakuti "gudaga", potsata kusintha kumene kunachitikanso m'mawu ena a chilankhulocho. Kuti tivomereze ubale ndi Chijapani tifunika dongosolo longa la munthu, mundu, munhu, ndipo pa mizu, mame ndi uta dongosolo lotero palibe.

Gogo Kamwendo, Chinsapo:
Za muzu ndi mizu zandigwira mtima, mdzukulu wanga, chifukwa ndinaphunzitsa zimenezo kwa ana ambiri. Pa za Babele ndikhalabe pomwe ndili, koma ndavomera kuti pepala lathu lija palokha si umboni.

Mayi Nabanda, msika wa Tsoka:
Ine sindinapite patali ndi sukulu, koma malonda anandiphunzitsa kuti mawu ofanana a anansi athu ndiwo oopsa kuposa a kutali. Pamene ndinkakaoda katundu ku Harare, wogulitsa ku Mbare ankatambasula nsalu pa mkono n'kufunsa kuti "muri kuda kutenga here?", ndipo mnzanga amene anali paulendo wake woyamba anaipinda nsaluyo n'kuiika m'chikwama akuthokoza, poganiza kuti wapatsidwa. Kwa Ashona kutenga ndi kugula. Chimene ndikufuna kudziwa ndi ichi: iwo amati "mutengo" ponena za ndalama zogulira chinthu, ifenso timati mtengo, koma mtengo womwewo kwa ife ndi wa mango kapena wa m'bawa. Kodi tinayamba bwanji kutcha ndalama dzina la chomera?

Mayi Naphiri, Likuni:
Achemwali, sitinatche ndalama dzina la chomera. Awanso ndi mawu awiri, ndipo pakamwa panu mumawasiyanitsa tsiku lililonse osazindikira. Mukamanena za mtengo wa mango mumakweza mawu pa "te", koma mukamauza kasitomala mtengo wa malaya mawu amayenda chotsika mpaka kumapeto. Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kumeneku, n'chifukwa chake pa pepala amaoneka ngati amodzi, monganso khungu la pathupi ndi khungu la maso. Pa mbale yodyera ndi m'bale wobadwa naye tinaikapo kachizindikiro, koma pa mtengo timadalira chiganizo chonse. Mtengo wa pamsikawo ndi m'bale wa "mutengo" wa Ashona ndi "intengo" ya Azulu, amene amachokera ku mneni wogula, "kutenga" ndi "ukuthenga". Ife pogula timati kugula, motero dzinalo lili pakati pathu popanda mneni woliperekeza, ndipo ndicho chifukwa chake munthu amaganiza zolilumikiza ndi mtengo wa kuthengo.

Bambo Kachingwe, Area 25:
Popeza tafika pa chiyambi cha mawu, nditsimikizireni za boma. Kuyambira ndili mwana ndakhala ndikumva kuti ndi chidule cha mawu anayi a Chingerezi onena za ulamuliro wa asilikali a Britain kutsidya kwa nyanja, ndipo ngakhale anthu ophunzira amanena zimenezi molimba mtima.

Mayi Naphiri, Likuni:
Nkhani imeneyo si yoona, a Kachingwe, ndipo imandipweteka ndikaimva ikuphunzitsidwa kwa ana. Boma ndi liwu la Chiswahili lotanthauza linga kapena mpanda wotchinga mudzi, msasa ngakhale khola. Henry Morton Stanley ankalilemba kale m'nkhani za maulendo ake m'zaka za m'ma 1870, pamene dziko lino linakhala pansi pa chitetezo cha Britain mu 1891. Atsamunda atafika anamanga maofesi awo m'kati mwa malinga, anthu nayamba kunena kuti ndikupita ku boma, kenaka dzina la mpanda linasamukira pa amene anali m'kati mwake, mpaka lero pamene timati boma la Dedza komanso boma la Malawi. Mawu anayi a Chingerezi aja anachita kusakidwa pambuyo kuti agwirizane ndi malembo. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti nthano zotere nthawi zonse zimapereka mawu athu kwa Mzungu, ngati kuti anthu a kuno sakanatha kukhala ndi dzina la mpanda asanauzidwe. Kubwereka sindikukukana. Nsapato, mbatata ndi kalata tinatenga kwa Apwitikizi, ndipo ndalama inayenda ulendo wautali kuchokera ku "drachma" ya Agiriki, kudzera pa "dirham" ya Aarabu, mpaka kufika kuno ndi amalonda. Koma pa mawu amenewa pali njira yooneka imene anadzera, pali anthu amene anawanyamula, ndipo tanthauzo likugwirizana. Pa chidule chija palibe chilichonse mwa izi.

Lemani, Mchesi:
Nanga moni, amayi? Anzanga a ku Nigeria akati "moni" m'Chingerezi chawo cha pamsika amanena ndalama, ndipo ndinauzidwa kuti ku Finland liwu lomweli limatanthauza ambiri. Amenewo ndamvetsa tsopano kuti ndi ongogundana. Koma moni wathuyu ena amati anachokera ku malonje a m'mawa a Angerezi, ena amati ndi chidule cha muoneni.

Tiyamike, Area 49:
Achimwene, mbali zonse ziwiri zili ndi poimira. A mbali ya Chingerezi amati mawu obwereka amafupikitsidwa ndi kufutukuka tanthauzo, choncho si chachilendo kuti malonje a m'mawa afike pogwira ntchito tsiku lonse. A mbali ya kuona amaloza kwa Azulu, amene malonje awo akuti "sawubona" amangidwa pa mneni wakuti kuona. Mlandu wotere umagamulidwa ndi zolembedwa zakale kwambiri, ndipo ife a ku Lilongwe tili ndi mwayi wapadera. Mtanthauziramawu woyamba wa chilankhulo chathu, umene unasindikizidwa mu 1877, Johannes Rebmann anaulemba kufupi ndi Mombasa m'zaka za m'ma 1850, ndipo amene ankamuuza mawuwo anali Salimini, munthu wochokera m'dera lino la Lilongwe amene anagwidwa ukapolo n'kutengeredwa kugombe. Nthawi imeneyo amishoni anali asanafike ku Magomero mu 1861, ku Blantyre mu 1876 kapena ku Mvera mu 1889. Liwu lililonse limene Salimini anatchula sitinganene kuti analiphunzira pa sukulu ya mishoni ya kuno. Tikaonjezapo mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa David Clement Scott wa 1892, tikhoza kuona mawu amene analipo kale ndi amene analowa Azungu atakhazikika.

Bambo Msiska, Area 18:
Kwathu timati monire, ndipo akuluakulu amatinso timuoneni polandira mlendo. Aliyense wofufuza moni ayenera kufotokozanso mawu awiriwa, chifukwa sangathetse nkhaniyi poyang'ana Chichewa chokha.

Gogo Kamwendo, Chinsapo:
A Msiska akumbutsa chinthu chofunika. Kumudzi kwathu, cha ku Malingunde, mlendo akafika sankalonjeredwa ali chiimire. Ankayamba wapatsidwa mphasa kapena mpando, katundu wake n'kulandiridwa, kenaka eni khomo ankabwera mmodzimmodzi, amuna n'kunjuta, amayi n'kugwada chapatali pang'ono, akuomba m'manja mofatsa, ndipo mawu amene ankatuluka anali akuti tikuoneni. Ankanena choncho m'mawa, masana ngakhale usiku, ndipo moni tinkamumva kwambiri kusukulu, kutchalitchi ndi kwa obwera kuchokera ku tauni. Izi ndi zimene ndinaona ine m'mudzi umodzi, ndipo wina wa ku Nsaru kapena kwa Kabudula akhoza kukumbukira zosiyana. Tiyamike, ukapita kukaona mabuku akalewo ukayang'ane mawu onse awiri, moni ndi tikuoneni, ndipo amene muli ndi agogo kumudzi muwafunse mmene makolo awo ankalonjerera alendo, mutilembere pano pamodzi ndi dzina la dera limene akuchokera.